Kusowa kwa Fayilo ya Napensulo

Kalata inafika Lolemba m'mawa, a Sajeni akuthirira maluwa awo pakhonde. Anangomva chitseko cha nyumba yoyandikana nawo chikumenyetsedwa, kenako Napensulo anatulukira pa kampata ka mpanda, envulopu ili m'manja, maso ali psuu.

A Sajeni anali mayi wachikulire amene anagwira ntchito yofufuza milandu ku polisi kwa zaka makumi atatu. Chipumireni pantchito moyo unkawakomera: maluwa m'mawa, wailesi masana, zidzukulu Loweruka. Yunifolomu anabweza, koma dzina la udindo linawakakamira. Napensulo anali mwana wa kalipentala wa pakhomo linalo. Dzinali anam'patsa ali wamng'ono chifukwa pensulo sinkachoka m'tsitsi lake.

"Azakhali, andikana."

"Wakukana ndani? Ndiuze dzina lake ndikamuone mnyamatayo."

"Si zamasewera, azakhali. Ku yunivesite."

A Sajeni anapukuta manja pa epuloni n'kuvala magalasi. Kalatayo inali yaifupi. Inkati mayeso a kusekondale anakhoza bwino, koma sangapatsidwe malo pa maphunziro ojambula mapulani a nyumba chifukwa sanapereke fayilo ya zojambula zake, imene aliyense wofuna maphunzirowa amayenera kupereka.

"Sunapereke? Nanga chimene unasenza tsiku lija chinali chitseko cha kabati?"

Napensulo anaseka misozi ili m'maso. Fayiloyo inalidi ngati chitseko cha kabati. Bambo ake anaipangira chikuto cha matabwa opyapyala n'kupaka vanishi kuti mapepala asapindike. M'kati munali zojambula khumi ndi ziwiri, ntchito ya chaka chathunthu.

"Ndinapereka, ndipo anandipatsa kapepala aka. Onani chidindo, onani siginecha."

Kalipentala naye anadutsa pa kampata kaja, utuchi uli mbuu m'ndevu.

"Mayi Sajeni, mwadzuka bwanji? Tamuuzeni mwanayu asiye kulira. Mwayi wina wapezeka kale. Kuli sukulu ina yamuitana, ya pamwamba pa sitolo ya matailosi ija. Zaka zitatu zokha, wamaliza."

"Bambo, ndakuuzani kale," anatero Napensulo. "Sukulu imeneyo bungwe loyendera maphunziro silinaivomereze. Ndikaphunzira kumeneko, pepala langa silingandilole kulembetsa ngati katswiri. Ndidzakhala wojambulira anthu ena, iwo n'kumasaina. Dzina langa silidzaoneka ngakhale pa pulani ya chimbudzi."

"Ine ndakhoma madenga zaka makumi awiri popanda pepala, ndipo palibe linasasuka."

"N'zoona, achimwene," anatero a Sajeni. "Koma amene amajambula madengawo amafika pamalo pa galimoto, inu pa njinga." Anatembenukira kwa mtsikanayo. "Yakuitana liti sukuluyo?"

"Loweruka masana. Anaimba bambo wina wa mawu okoma. Anati, 'Pepani chemwali, tamva kuti ku yunivesite sizinayende, koma khomo lathu ndi lotsegula.' Ine ndinayesa ndi anthu ongoimbaimba manambala."

A Sajeni anayang'ananso kalata ija. Inalembedwa Lachisanu, ndipo envulopu inali yomata mpaka m'mawa umenewo.

"Ndiye kuti bamboyo anadziwa za kukanidwa kwako iwe mwiniwake usanadziwe. Nambala yako unailemba pati?"

"Pa fomu ndi kuseri kwa fayilo basi."

A Sajeni anaika pansi chothirira maluwa chija.

"Kandidikire pa geti. Ndikavale chipewa ndi nsapato za m'tauni."

* * *

Nthambi ya zomangamanga inali pa nsanjika yachiwiri. M'kanjira kopita ku ofesi munali tinyumba ta makatoni pa mashelefu, tina topanda denga, tina tokhala ndi timitengo ta siponji pabwalo. Kalaliki wa nthambiyo anali bambo wowonda, wa taye yothina ndi mapeni atatu m'thumba la malaya. Ataona kapepala ka Napensulo anayamba kutuluka thukuta.

"Siginecha iyi ndi yanu, bambo?" anafunsa a Sajeni.

"Ikufanana ndi yanga."

"Ikufanana, kapena ndi yanu?"

"Malinga ndi ndondomeko yake, mayi, tinganene kuti ndi yanga."

A Sajeni anakoka mpando n'kukhala, chikwama pamiyendo.

"Ine upolisi ndinasiya. Pano ndine mayi wothirira maluwa. Koma ndaona anthu ambiri akutuluka thukuta, ndipo ndimasiyanitsa thukuta la wakuba ndi thukuta la wamantha. Lanuli ndi la mantha. Tsekani chitsekocho mundiuze."

Kalaliki anatseka chitseko. Anayankhula motsitsa, maso ali pa tebulo.

"Lolemba lapitalo ndinawerenga mafayilo onse. Analipo zana limodzi ndi makumi anayi. Ndinatsekera m'chipinda chosungiramo katundu. Lachinayi komiti yosankha ophunzira itakhala pansi, ndinapeza kuti asanu ndi awiri palibe. Mayi, ndatsala ndi miyezi isanu ndi itatu kuti ndipume pantchito. Ndikanati asowa, chala chikanaloza ndani? Ndiye pa mayina asanu ndi awiriwo ndinangochonga kuti sanapereke. Chichitireni zimenezo chakudya sichikulowa."

"Komitiyo imakumana Lachinayi nthawi zonse?"

"Ayi. Malinga ndi ndondomeko yake, inayenera kukumana sabata yamawayi. Koma a Pulofesa, mayi amene amatsogolera nthambi yathu, anabwerako msanga ku ulendo wawo n'kulamula kuti tithane nazo."

"Makiyi a chipindacho alipo angati?"

"Atatu. Anga sachoka pa lamba, onani. A Pulofesa anapita nawo awo, ndipo anabwera Lachitatu madzulo. Achitatu ali ndi a Sikelo."

"A Sikelo ndiye ndani?"

"Mphunzitsi wa chaka choyamba. Ana anawapatsa dzinalo chifukwa sasiyana ndi sikelo, karula koyezera mapulani."

"Mafayilo osowawo anali pamodzi pa shelefu?"

"Ayi, apa ndi apo. Ina pamwamba, ina pansi penipeni."

Kalaliki anatulutsa pepala la mayina asanu ndi awiri aja. Napensulo anasuzumira paphewa pa a Sajeni n'kuloza ndi chala.

"Uyu ndikumudziwa, ndi uyunso. Tinakumana pa mpikisano wojambula wa masukulu. Uyu anali woyamba, ine wachiwiri, uyu wachitatu."

A Sajeni anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Wakuba wothamanga amatola zimene zili pafupi ndi khomo. Uyu anakhala pansi, n'kutsegula mafayilo onse, n'kusankha abwino okhaokha. Inu bambo, mungathe kusankha?"

"Ine? Sindisiyanitsa pulani ya nyumba ndi ya khola la nkhuku."

"Ndaona tinyumba timene mwaika pa windo lanu. Kamodzi kali chadodolido. Ndakukhulupirirani."

* * *

A Sajeni anasiya Napensulo m'kanjira akuyang'ana tinyumba ta makatoni, iwo n'kulowa okha m'chipinda chojambulira. Munali matebulo opendekeka makumi atatu, onse opanda anthu, ndi fungo la guluu. A Sikelo anali pafupi ndi windo akusongola pensulo ndi kampeni. Anali bambo wamtali, waukhondo, wa kumwetulira kosachedwa kubwera.

"Mayi, takulandirani. Mwabwera kudzalembetsa? Sitiona zaka kuno, timaona dzanja."

"Dzanja langa limatha kulemba masitetimenti okha. Ndabwera pa nkhani ya mwana wa mnansi wanga. Fayilo yake yasowa, pamodzi ndi ena asanu ndi imodzi."

"Asowa? Ine ndinamva kuti sanapereke. N'zomvetsa chisoni zedi. Ana a masiku ano, tsiku lomaliza limawapeza akadali pa foni."

"Inu munawaonako mafayilowo komiti isanakumane?"

"Ngakhale imodzi. Lamulo sililola. Timatsegulira pamodzi, pamaso pa a Pulofesa."

"Lachiwiri munali kuti?"

"Munomo, kuyang'anira mayeso kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ana makumi atatu angandichitire umboni, ngakhale sandikonda."

"Nanga Lachitatu?"

"Kunja kwa tauni, kumene tikumanga holo ya sukulu ina. Ndinanyamuka m'mamawa, ndinabwera dzuwa litalowa. Kuno sindinapondeko."

"Sukulu ya pamwamba pa sitolo ya matailosi mumaidziwa?"

"Ndimangoimva. Sindinakwerepo masitepe ake."

Mayankho ake anali osalala ngati pepala. A Sajeni anathokoza n'kudzuka. Atafika pakhomo, a Sikelo anawayang'anitsitsa, mutu utapendekeka.

"Pepani mayi, tinakumanapo kuti? Nkhope yanu si yachilendo kwa ine. Koma tsiku limenelo munalibe chipewa. Munamanga duku la madonthomadontho."

"Mwina ku msika," anatero a Sajeni akumwetulira.

Atatuluka, kumwetulira kunatha. Duku la madontho analidi nalo, lakale, long'ambika m'mphepete. Ankalimanga pochapa ndi pophika basi, ndipo linali lisanadutsepo pa geti la nyumba yawo. Bamboyu iwo anali asanamuonepo chibadwire.

* * *

Kuseri kwa nyumbayo anapeza mayi wokolopa akufinya chokolopera pa mpopi. Anali wamfupi, wonenepa, ndipo sanadikire kufunsidwa kawiri.

"Iii, achemwali, inu mukufunsa ine? Ine muno ndimaona zonse, kungoti palibe amandifunsa. Anawa amataya guluu pansi ngati kwawo kuli antchito. Mukuti mapepala? Mapepala amatuluka tsiku lililonse. Koma akuluakulu aja, ee, ndinathandiza kunyamula ndine. A Sikelo anaimika galimoto pomwe mwaimapo, nthawi ya nkhomaliro, anthu onse atapita kukadya. Akuti, 'Mayi, tandigwirireni mapepala akalewa.' Ine n'kugwira. Munthu wabwino, amapereka moni, osati enawa."

"Linali tsiku lanji?"

"Lachitatu."

"Mwatsimikiza bwanji? Masiku amafanana."

"Kwa inu amafanana. Lachitatu ndi tsiku la galimoto ya zinyalala. Inali itaima apo. Ine n'kunena kuti, 'Bwana, poti ndi akale, tingoponya m'galimotomu.' Iwo akuti, 'Ayi ayi ayi!' mpaka kundilanda m'manja. Ndinadabwa. Zinyalala zake zokondedwa chonchi?"

"Munali china chachilendo m'katunduyo?"

"Chimodzi chinali cha matabwa, cholemera, chonunkhira vanishi ngati mpando watsopano. Chinanditswa chala ichi, onani, chikhadabo chada."

Napensulo anagwira pakamwa. A Sajeni anam'tsina pamkono kuti akhale chete, n'kupepesa mayiyo za chalacho.

"Tibwerere tikawafunse!" anatero mtsikanayo atangopota pa ngodya.

"Akana. Anena kuti mayiyu wasokoneza masiku, ndipo madzulo ano katunduyo asamuka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe. Bambo wa mawu okoma uja anati khomo lake ndi lotsegula. Tiye tikalowe."

* * *

Masitepe okwerera ku sukuluyo anali kuseri kwa milu ya matailosi, ndipo ankanunkha penti yatsopano. Pamwamba panali zipinda zitatu. M'chipinda china anyamata ndi atsikana pafupifupi makumi awiri ankajambula mwakachetechete, awiriawiri pa tebulo. Mwini sukulu anatuluka manja ali patsogolo. Anali wa suti yonyezimira ndi mphete ziwiri.

"Ndi uja munamuimbira Loweruka," anatero a Sajeni. "Ine ndine azakhali ake. Ndati ndidzaone kaye pamalo."

"Mwachita bwino, mayi, mwachita bwino kwambiri! Kuno ndi kumene kumabadwira akatswiri a mawa. Ku yunivesite mwana amakalamba akuwerenga mabuku. Kuno zaka zitatu, ntchito ikumudikira pakhomo. Makampani amachita kulimbirana ana athu."

"Ndamva kuti bungwe silinakuvomerezeni."

"Nkhani yakale imeneyo! Mkuja, Lachitatu, akubwera kudzatiyendera. Akangoona ntchito za ana athu, chidindo chigwa chokha. Bwerani muone ndi maso anu."

Anawalowetsa m'chipinda chachikulu. Makoma onse anayi anali odzaza ndi zojambula, zopachikidwa bwino m'mizere. Pa ngodya ya pepala lililonse panamatidwa kapepala koyera kokhala ndi dzina la wophunzira ndi chaka chake. Napensulo anaima chilili atazindikira zojambula zake. A Sajeni anam'ponda chala cha phazi, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma ngati munthu wosadziwa kanthu.

Pakati pa khoma lachitatu anaima. Chojambulacho chinali khitchini yoonekera kunja, khomo lili lotsegula. Windo lake linali lopendekeka pang'ono kumanzere. Pakhoma panali sefa, pansi beseni. Pa mpando pakhomopo panakhala mayi wachikulire akusenda mbatata, atamanga duku la madontho long'ambika m'mphepete. Nkhope inali yawo, mpaka kachipsera ka pachibwano.

"Chokongola ichi," anatero a Sajeni. "Gogoyu ndani?"

"Aa, mwasankha bwino! Anajambula ndi mwana wathu wa chaka chachiwiri. Amenewo ndi agogo ake. Anatisiya chaka chatha."

"Anamwalira? Pepani. Ankadwala chiyani?"

"Miyendo, mayi. Inawavutitsa nthawi yaitali."

"Miyendoyo ndiye n'zoona," anatero a Sajeni. Anavula chipewa, anavula magalasi, n'kuima pambali pa chojambulacho. "Koma za maliro anga palibe anandiuza."

Mwini sukulu anayang'ana pakhoma, anayang'ana mayiyo, anayang'ananso pakhoma. A Sajeni analowetsa chikhadabo pansi pa kapepala koyera ka pa ngodya n'kukamatula mosamala. Pansi pake panaoneka dzina la Napensulo, lolembedwa ndi dzanja lake.

"Iwe, unandijambula liti osandiuza?"

"Ndinali pa mpanda, azakhali. Mukanadziwa mukanakavala za kutchalitchi."

A Sajeni anatembenukira kwa mwini sukulu.

"Bambo, pali njira ziwiri. Nditha kuimbira ana amene ndinawaphunzitsa ntchito ku polisi, abwere ndi galimoto ya sailini ophunzira anu akuona. Kapena mutha kutsitsa mapepala onsewa nokha, lililonse m'fayilo yake, tikwere galimoto yanu tipite kwa a Pulofesa. Ine miyendo imandivuta, monga mwanenera. Ndingakonde galimoto yanu."

Bamboyo anavula jekete n'kuyamba kuzula timisomali.

* * *

A Pulofesa anali mayi wa imvi, wosayankhula zambiri. Anamvetsera nkhani yonse mafayilo asanu ndi awiri ali pa tebulo lawo, ya matabwa ili pamwamba. Kalaliki anaima pakona atagwira taye. Mwini sukulu anakhala kumapeto kwa mpando. Kenako anaitanitsa a Sikelo.

Atalowa n'kuona mafayilowo, a Sikelo anayesa kumwetulira koma sizinatheke.

"Munandiuza zinthu zitatu," anatero a Sajeni. "Munati simunatsegule fayilo ngakhale imodzi, simunakwerepo masitepe a bambo awa, ndipo Lachitatu simunaponde kuno. Mayi wokolopa anakunyamulirani katundu Lachitatu masana, chala chake chikadali chotupa. Mwina munganene kuti wasokoneza masiku. Koma duku langa la madontho munaliona kuti? Silituluka pa geti. Malo okha amene likupezeka ndi pa pepala ili. Munaliona m'fayilo kapena pakhoma la bambowa. Sankhani bodza limene mukufuna kusiya."

A Sikelo anakhala pansi asanauzidwe.

"Ndimaphunzitsako Loweruka lililonse, kwa zaka ziwiri tsopano," anatero. "Ana a kumeneko si opusa, a Pulofesa. Ambiri ndi amene ife timawabweza kuno chifukwa malo ndi ochepa. Bungwe likapanda kuvomereza sukuluyo, zaka zawo zitatu zipita m'madzi. Ndinati ndibwereke mafayilo abwino kwa sabata imodzi, oyendera aone, ndibweze komiti isanakumane. Palibe akanadziwa. Ndiye inu munabwera msanga."

"Ndipo Lachinayi munakhala pambali panga," anatero a Pulofesa, "mayina asanu ndi awiri akuwerengedwa kuti sanapereke. Munandipatsira peni yosainira."

A Pulofesa anapitiriza.

"Kubwerekako ndikanayesa kukumvetsani. Kukhala chete kuja ndiye ayi. Siyani makiyi pa tebulo. Nkhani yanu ipita kwa akuluakulu, ndipo ndikanena zonse, zoipa ndi zabwino zomwe."

A Sajeni anafunsa za foni ya Loweruka ija. "Za manambala ndiye ine sindinadziwe," anatero a Sikelo akuyang'ana mwini sukulu. "Ndinangokuuza kuti anawo awakana kuti uchite mantha, tibweze msanga. Iwe n'kuwaimbira?"

"Ndinaona kuti ana aluso akungotayika," anayankha mwini sukulu ndi mawu aang'ono.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero a Sajeni. "Mukanangokhutira ndi zapakhoma, ine bwenzi ndikuthirira maluwa."

A Pulofesa anauza mwini sukulu kuti a bungwe awadziwitsa tsiku lomwelo, ndipo ngati ali ndi nzeru Lachitatu apachike ntchito za ana ake enieni. Napensulo anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Ndinaziona, zili pa mulu kuseri kwa chitseko. Pali wina anajambula msika wa nsanjika. Ndi wabwino kuposa masitepe amene ndinajambula ine."

Mwini sukulu anamuyang'ana modabwa, ngati kuti mulu umenewo anali asanautsegulepo.

Kalaliki anatsogola yekha asanaitanidwe. Anavomera kulakwa kwake, osatchula ndondomeko ngakhale kamodzi. A Pulofesa anati alandira kalata yomuchenjeza, ndipo makalata asanu ndi awiri opepesa alembe yekha ndi dzanja.

* * *

Komiti inakumananso Lachisanu m'mawa. A Sajeni ndi kalipentala anadikira pa benchi m'kanjira, pakati pa tinyumba ta makatoni. Kalipentala anali atavala jekete la ukwati wake, ndipo ankayeza denga la kanyumba kena ndi chala n'kumapukusa mutu. Kalaliki anawabweretsera tiyi, n'kuwanong'oneza kuti oyendera aja anapitadi ku sukulu ya pa matailosi. Chidindo sanapereke, koma anasiya mndandanda wa zoti zikonzedwe n'kulonjeza kudzabweranso chaka chamawa.

Nthawi itakwana chakumasana, chitseko chinatseguka. A Pulofesa anatuluka ndi Napensulo, amene nkhope yake inanena zonse asanatsegule pakamwa.

"Onse asanu ndi awiri apeza malo," anatero a Pulofesa. "Amene tinawatenga kale sitiwachotsa. Tiwonjezera matebulo, tipanikizana. Bambo, mwana wanuyu ali ndi diso. Koma mudziwiretu, ndi zaka zisanu kuno, kenako ziwiri akugwira ntchito pansi pa katswiri wolembetsedwa, kenako mayeso a bungwe. Akatero ndiye adzasaina pulani yake."

Kalipentala anawerenga pa zala.

"Zisanu ndi ziwiri! Ndiye adzandipeza ndilibe mano."

"Misomali simukhoma ndi mano, achimwene," anatero a Sajeni.

"Matebulo owonjezerawo," anatero kalipentala akukanda ndevu, "mwapeza kale wopanga?"

A Pulofesa anaseka koyamba chiyambireni nkhaniyi, n'kumuuza kuti abwere Lolemba ndi tepi yake yoyezera.

Makalata akanatenga masiku, choncho a Sajeni anapempha kuti ana asanu ndi mmodzi enawo aimbiridwe pomwepo. Kalaliki anawapatsa mpando wake ndi foni ya mu ofesi. Woyamba anayesa kuti ndi akuba a pa foni n'kudula, mpaka anachita kuimbiridwa kachiwiri ndi a Pulofesa. Wachitatu anali m'basi, ndipo anauza basi yonse. Wachisanu anangoti "zikomo" kasanu ndi kawiri.

Nambala yomaliza inayankhidwa ndi mayi wa mawu otopa. Anati mwana wake kulibe, anapita Lachiwiri kwa amalume ake kukaphunzira kumata matayala, ndipo mapensulo ake onse anagawira ana a pamzere.

"Mayi, mvetserani bwino," anatero a Sajeni. "Mwana wanu sanalakwe chilichonse. Fayilo yake inasochera, yapezeka, ndipo aphunzitsi aiona. Malo ake alipo. Kamuuzeni asambe m'manja abwere."

Ku foniko kunamveka chiwaya chikugwa pansi, ndi nthungululu yaikulu moti a Sajeni anachotsa foni kukhutu n'kuigwira m'mwamba. Inamveka mu ofesi monse mpaka m'kanjira. Mayi wokolopa anasuzumira pakhomo, chokolopera chili m'manja. Sanafunse n'komwe kuti ndi ya ndani. Anangoimika chokoloperacho pakhoma n'kuilandira nthungululuyo ndi yake.